Wailesi yathu inayambira ku Lusaka

Chaka chilichonse pa 13 Febuluwale nyumba zoulutsira mawu zimakumbukira tsiku la wailesi pa dziko lonse. Tsikuli analikhazikitsa a UNESCO mu 2011, ndipo analisankha chifukwa pa 13 Febuluwale 1946 ndi pamene bungwe la United Nations linatsegula wailesi yake. Wailesi yakanema nayo ili ndi tsiku lake, 21 Novembala. Kupatula masiku awiriwa, dziko lililonse lili ndi chaka chimene limayambira kuwerenga mbiri ya wailesi yake. Ku America amaloza 1920, pamene siteshoni ya KDKA ku Pittsburgh inaulutsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti. Ku Britain amaloza 1922, ndipo mu 2022 BBC inachita chikondwerero chachikulu pokwanitsa zaka 100. Ku Malawi amayambira 1964, chaka chimene MBC inabadwa. Kuno ku Zimbabwe dzina loti ZBC, la wailesi ya boma, linabwera ndi ufulu mu 1980.

Pa zaka zonsezi palibe chimene chimatikwana ife olankhula Chichewa a muno mu Harare. Agogo athu a ku Mbare, ku Highfield ndi m'mapulazi a ku Mazowe ankamva chinenero chawo pa wailesi MBC isanabadwe, dziko la Malawi likutchedwabe Nyasaland. Mawuwo sankachokera ku Blantyre, sankachokeranso muno mu Salisbury, dzina la Harare pa nthawiyo. Ankachokera ku Lusaka. Zikumbutso za maiko zimatsata malire a maiko, pamene mbiri yathu inadutsa malire atatu, n'chifukwa chake imagwera pakati osaitola aliyense. Ine ndimaona kuti imayenera kudziwika, ndi zabwino zake ndi zonyansa zake zomwe.

Mzinda uno wa Harare ndiwo unayamba kuulutsa mawu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 kampani ya ndege ya Imperial Airways inali ndi makina otumizira mawu ku Belvedere, kumene kunali bwalo la ndege nthawi imeneyo. Ntchito ya makinawo inali kulondolera ndege ndi kupereka za nyengo. Mainjiniya a ku positi ofesi anapempha kuti pa maola amene makinawo akungokhala aziulutsirapo nyimbo ndi nkhani, ndipo kuulutsa mawu m'dziko lino kunayamba chotero. Pambuyo pake situdiyo zinamangidwa m'nyumba yakale ya positi ofesi pa Manica Road, msewu umene lero timautcha Robert Mugabe Road. Koma zonsezo zinali za m'Chingelezi, zopangira azungu. Munthu wakuda sankawerengedwa ngati womvera.

Chonsecho anthu akuda analimo ambiri mumzindamu, ndipo gawo lalikulu la antchito linali la anthu a kwathu. Ankabwera wapansi kudzera ku Tete ndi ku Mutoko, ena pa magalimoto a Ulere onyamula antchito mosalipiritsa, ena polembedwa ndi bungwe lolemba antchito la Mthandizi. Ankaphika m'nyumba za azungu, kusesa misewu ya kanselo, kuthyola fodya m'mapulazi, kulowa pansi m'migodi ya Shamva ndi Arcturus. Ena ankabwerera kumudzi patatha zaka ziwiri, ena osabwereranso mpaka kumudzi n'kuwatcha machona. Munthu wotere chimene ankasowa kwambiri ndi mawu a kwawo. Kalata inkatenga masabata, ndipo ambiri ankachita kupempha mnzawo kuti awalembere ndi kuwawerengera.

Ku Northern Rhodesia, komwe lero ndi Zambia, zinthu zinayenda mosiyana chifukwa cha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mu 1941 mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la kumeneko, Harry Franklin, anatsegula kasiteshoni kakang'ono ku Lusaka kuti anthu azimva za nkhondo, makamaka mabanja a asilikali akuda amene anapita kukamenya. Nkhondo itatha, maboma atatu a Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland anagwirizana zogawana ntchito: Salisbury aziulutsira azungu a maiko atatuwo, Lusaka aziulutsira anthu akuda a maiko atatu omwewo. Siteshoni ya ku Lusaka inatchedwa Central African Broadcasting Station, mwachidule CABS, ndipo inkalankhula Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona, Chindebele ndi Chingelezi. Pa zinenero zonsezi Chinyanja chokha ndicho chinali ndi omvera ochuluka m'maiko onse atatu: ku Nyasaland konse, ku Fort Jameson (lero Chipata) ndi ku Lusaka, komanso m'makomboni a kuno kumwera. Pa wailesi imeneyo sitinali kagulu ka alendo ayi. Tinali pakati penipeni.

Wina angafunse kuti mawu ankayenda bwanji mtunda wonsewo. Yankho lake ndi shortwave, ndipo achinyamata amene anakulira pa FM ayenera kuimvetsa kuti nkhani yonseyi imveke. Mafunde a FM amayenda molunjika kuchokera pa mlongoti, ndipo phiri likawatchinga kapena mtunda ukatalika amathera pomwepo. Mafunde a shortwave amakwera m'mwamba, n'kukagunda gawo lina la mlengalenga limene limawabweza pansi monga khoma libwezera mpira, ndipo amakatera kutali, makilomita mazanamazana kapena kuposa. Gawo la mlengalengali limasintha ndi dzuwa. Pachifukwachi mabandi ena, monga a mamita 90 ndi 60, amagwira bwino kukada ndi mbandakucha, ndipo mawu amati kubwera, kuzilala, n'kubweranso. M'dzinja ziphaliwali zinkasokoneza kwambiri. Mlongoti umodzi wa ku Lusaka unkafikira munthu wa ku Karonga ndi wa ku Bulawayo nthawi imodzi, popanda chiphaso cha pamalire.

Sefuliya

Siteshoni inalipo, koma omvera analibe pomvera. Mawailesi a nthawi imeneyo anali aakulu, odula, ndipo ambiri ankafuna magetsi, chinthu chimene m'komboni munalibe. Boma linayesa kuika mawailesi a gulu m'maholo, m'mabwalo a mafumu ndi m'malo omwera mowa, koma phokoso linkachuluka, makina akawonongeka panalibe wokonza, ndipo amayi sankafikako kawirikawiri. Franklin anatha zaka akufunafuna kampani imene ingapange wailesi yotsika mtengo yoyendera batire. Pomaliza inavomera kampani ya mabatire ya Ever Ready ya ku Britain, imene inadziwa kuti aliyense wogula wailesi azibweranso kudzagula batire.

Wailesiyo inatuluka mu 1949 ndipo inatchuka ndi dzina loti Saucepan Special, chifukwa chikopa chake chinali sefuliya yeniyeni ya aluminiyamu yopanda chogwirira, yopakidwa utoto wabuluu. Mkati munali mavalavu anayi, mabowo ake anatchingidwa ndi kansalu ka waya kuti mphemvu ndi chiswe zisalowe, ndipo inkakhala pamwamba pa batire lalikulu lolemera. Mtengo wake unali mapaundi 5, batire masheleni 25. Kwa munthu wa papulazi zimenezo zinali malipiro a miyezi ingapo, choncho oyamba kugula anali aphunzitsi, makalaliki, amisiri ndi a kumigodi. Koma wailesi imodzi inkadyetsa makutu a anthu ambiri. Madzulo mwini wake ankaitulutsa pakhonde, mzere wonse wa nyumba n'kusonkhana. Batire linkasungidwa ngati ndalama: wailesi inkatsegulidwa pa nthawi ya chinenero chanu, ikatha n'kutsekedwa.

Chimene chinagwira anthu mtima si nkhani za boma kapena maphunziro a ukhondo ndi ulimi amene akuluakulu a siteshoni ankawakonda. Inali pulogalamu ya zopempha za omvera, imene pa Chinyanja inkatchedwa Zimene Mwatifunsa. Munthu ankalemba kalata ku Lusaka, kutchula dzina lake, kumene akugwira ntchito, mudzi wake, mfumu yake ndi boma lake, kupereka moni kwa abale mmodzimmodzi, kenaka n'kupempha nyimbo. Makalata ankafika ochuluka kuposa amene akanatha kuwerengedwa. Taganizani mayi wa ku Ntcheu amene mwamuna wake anapita ku Halale zaka zitatu zapitazo, ndiye mwana wa aphunzitsi akubwera chothamanga kudzanena kuti dzina la bambo latchulidwa pa wailesi, ali moyo, ali pa ntchito, apereka moni. Atsamunda anamanga siteshoniyo kuti azilankhula kwa anthu. Anthuwo anaisandutsa njira yolankhulirana okhaokha, ndipo pa mbiri yonse ya wailesi kuno kwathu palibe chinthu chimene ndimachilemekeza kuposa chimenechi. Mapulogalamu onse a moni amene anabwera pambuyo pake, ku Blantyre, ku Lusaka ndi ku Mbare, ndi zidzukulu za pulogalamu imeneyi.

Nyimbo nazo zinali zathu. Antchito a CABS ankayenda ndi galimoto yojambulira mawu m'midzi ndi m'makomboni, kujambula magule, nyimbo za pamtondo, oimba a gitala ndi banjo, mpaka siteshoniyo inakhala ndi nkhokwe yaikulu ya nyimbo za kuno. Muulutsi wotchuka kuposa onse anali Alick Nkhata, amene anabadwira ku Kasama mu 1922, bambo ake ochokera ku Nyasaland. Anali msilikali pa nkhondo yachiwiri, anagwirapo ntchito ndi Hugh Tracey wojambula nyimbo za makolo, ndipo ankaimba m'Chinyanja, m'Chibemba ndi m'zinenero zina, kulangiza ndi kuseketsa anthu pa za moyo wa m'tauni. Imfa yake imatikhudza ife a kuno mwanjira yowawa: anaphedwa mu Okutobala 1978 pamene asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa ZIPRA, gulu lomenyera ufulu wa Zimbabwe, ku Mkushi m'dziko la Zambia, pafupi ndi munda wake.

Tisaiwale kuti mwini siteshoni anali boma la atsamunda. Nkhani ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland itabuka, anthu akuda a ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia anachikana kwamtuwagalu, poopa kuti malamulo a tsankho a ku Salisbury awafikira kwawo. A ku Nyasaland malamulowo ankawadziwa bwino chifukwa abale awo ankakhala nawo tsiku ndi tsiku kuno. Koma wailesi inauzidwa kuti izifotokoza ubwino wa chitaganya, ndipo aulutsi akuda ndiwo ankawerenga mawuwo ndi pakamwa pawo. Chikhulupiriro chinatha. Cha m'ma 1952 ndi 1953 ku Lusaka kunafala mphekesera zoti aulutsiwo ndi anthu opopa magazi, amene kumeneko ankawatcha banyama, ofanana ndi anamapopa a kwathu, moti ena ankaopa kuyenda m'makomboni momwe ankakhala. Mphekeserazo zinali zabodza, koma zinkanena zoona za mumtima mwa anthu: mawu amene tinkawakonda agulidwa. Chitaganya chinakhazikitsidwabe mu 1953, ndipo mu 1958 CABS inamezedwa ndi Federal Broadcasting Corporation, imene likulu lake linali muno mu Salisbury.

Chitaganya chitatha kumapeto kwa 1963, wailesi nayo inagawika patatu. Zambia inatenga za ku Lusaka, Malawi inakhazikitsa MBC, ndipo ya kuno inakhala ya Rhodesia. Ufulu wa Malawi ndi wa Zambia unali chimwemwe chenicheni kwa makolo athu, palibe wokana. Koma pa nkhani ya wailesi iwo anataya kanthu. Siteshoni iliyonse tsopano inkalankhula kwa nzika zake, ndipo ya anthu akuda ya muno, imene situdiyo zake zinali ku Harari komwe lero ndi Mbare, inaika mtima pa Chishona ndi Chindebele. Munthu wa ku Dedza wokhala ku Mufakose anasanduka womvera wa kunja kwa mpanda, wosaka mawu a kwawo pa shortwave.

Ankawapeza ndithu. MBC inkamveka madzulo ndi m'mawa pa bandi ya mamita 90, pa 3380 kHz, ndipo m'nyumba zambiri za a kwathu malo amenewo pa galasi la wailesi ankadziwika ngakhale ndi ana. Kudzera pamenepo mbadwo wobadwira kuno unamva Kapalepale, Pamajiga, Nzeru Nkupangwa ndi Sewero la Sabata Ino, amayi n'kumamvera Zokonda Amayi. Pa nthawi ya mauthenga achisoni nyumba yonse inkakhala chete, chifukwa nthawi zina maliro a kumudzi ankamveka pa wailesi telegalamu isanafike. Pa MBC yomweyo ndi pomwe anthu a kuno anamva kuti msonkhano wa chipani cha MCP wa 1968 walamula kuti chinenero chizitchedwa Chichewa m'malo mwa Chinyanja. Msonkhano womwewo unachotsa Chitumbuka pa wailesi, ndipo sichinabwerere mpaka ulamuliro wa chipani chimodzi utatha mu 1994. Atumbuka ndi Atonga a muno, amene analipo ambiri pakati pa makalaliki ndi ophika, anavulala pawiri: kuno chinenero chawo kulibe, kwawonso kulibe.

Lusaka sinasiye Chinyanja. Kumeneko kunali Julius Chongo ndi pulogalamu yake ya Poceza M'madzulo, munthu mmodzi wosimba nthano n'kumasintha mawu kukhala mfumu, nkhalamba, mwana ndi fisi, luso limene mpaka lero aulutsi athu ayenera kuphunzirako. Ku Johannesburg nako Radio RSA, imene inayamba mu 1966 n'kusintha dzina kukhala Channel Africa mu 1992, inkaulutsa m'chinenero chathu, ngakhale kuti pa nthawi ya tsankho aliyense ankadziwa mwini wake.

Zaka za nkhondo ya ufulu zinasandutsa shortwave chinthu choopsa kukhala nacho. Ian Smith analengeza pa wailesi pa 11 Novembala 1965 kuti Rhodesia yadzipatula ku Britain. A Britain anamanga mlongoti ku Francistown, m'dziko limene lero ndi Botswana, kuti BBC izimveka bwino kuno, boma la Smith n'kumausokoneza ndi phokoso. Kenaka zipani za ZAPU ndi ZANU zinayamba kuulutsa kuchokera ku Lusaka, ku Dar es Salaam, ndipo Mozambique italandira ufulu, Voice of Zimbabwe inkamveka usiku uliwonse kuchokera ku Maputo. Boma linayankha pofalitsa FM ndi kulimbikitsa mawailesi ogwira FM yokha, kuti anthu asamve za kunja. Kwa mwana wa ku Malawi wailesi ya FM yokha inalibe ntchito. Iye ankafuna shortwave kuti amve Blantyre, koma chala chomwecho chikasuntha pang'ono chinkafika ku Maputo, choncho ankamvera motsitsa mawu, zitseko zili zotseka.

Ufulu utabwera pa 18 Epulo 1980, ZBC inakonza masiteshoni ake mwatsopano, ndipo mu 1982 inatsegula Radio 4 ya maphunziro, imene inapereka nthawi kwa zinenero zina kuphatikizapo Chichewa. Siteshoni imeneyo ndi imene lero ndi National FM. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anaika Chichewa pa mndandanda wa zinenero 16 zovomerezeka. Ndi zinthu zofunika, ndipo amene anazimenyera ayamikike. Komabe nthawi imene timapatsidwa ndi yochepa poyerekeza ndi kuchuluka kwathu ku Dzivarasekwa, ku Tafara, ku Epworth ndi m'migodi. Ambiri a ife tinaleredwa ndi Radio 2, siteshoni ya ZBC ya Chishona ndi Chindebele: Kwaziso, Chakafukidza Dzimba Matenga, ndi Mbuya Mlambo wa ana. Sindikudandaula nazo, zinali zabwino ndipo ndi zathunso. Chichewa chinabwerera mwamphamvu pa wailesi ya kuno kudzera khomo lina, la nyimbo. Nicholas Zakaria, Alick Macheso ndi abale a kwa Somanje a gulu la Pengaudzoke, ana a m'mapulazi, anachiika m'nyimbo za sungura mpaka dziko lonse linavina mawu amene kale ana ankachita nawo manyazi pabwalo la sukulu.

Kanema: Salisbury 1960, Blantyre 1999

Nkhani ya wailesi yakanema ndi yosiyana kwambiri, ndipo kusiyanako kumaonetsa amene ankamupangira. John Logie Baird anaonetsa makina ake ku London mu Januwale 1926, ndipo BBC inayamba kuulutsa zithunzi mokhazikika pa 2 Novembala 1936 kuchokera ku Alexandra Palace. Kum'mwera kwa Sahara anayamba ndi a ku Nigeria, ku Ibadan, mu 1959. Salisbury anatsatira pa 14 Novembala 1960, Bulawayo mu 1961, ndi Kitwe kumapeto kwa chaka chomwecho. South Africa, ndi chuma chake chonse, inadikira mpaka 1976 chifukwa boma la tsankho linkaopa zimene anthu angaone.

Chifukwa chimene mzinda uno unafulumirira n'chosavuta. Rhodesia Television inali kampani ya malonda, yodalira otsatsa katundu, ndipo zaka za chitaganya zinadzaza Salisbury ndi azungu a ndalama, a magetsi m'nyumba, ofuna kukhala ngati ali ku London. Zithunzi zinali zakuda ndi zoyera, zoonetsedwa madzulo okha, zambiri zogulidwa ku Britain ndi ku America. Mafunde a kanema amayenda ngati a FM, sapita patali, choncho mlongoti unkaikidwa pomwe pali ogula. Nyasaland anali membala wa chitaganya chomwecho, anthu ake ankathandiza kupanga chumacho ndi manja awo, koma mlongoti wa kanema sunamangidweko. N'zosadabwitsa kuti olankhula Chichewa oyamba kuona kanema anali ophika ndi osamala ana m'nyumba za ku Highlands ndi ku Avondale, akuonera chiimire pakhomo la chipinda chodyera, mbale zili m'manja.

Ku Malawi boma la Kamuzu Banda linatha zaka 30 osakhazikitsa wailesi yakanema. Umphawi ndi kuchepa kwa magetsi zinalipo, koma boma limene linali ndi bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo kuyambira 1968 silinkafunanso zenera lina loti anthu azisuzumirapo kunja. Television Malawi inatsegulidwa pa 1 Epulo 1999, patatha zaka zoposa 38 chiyambire ya kuno. Zimenezi zinabala chinthu chachilendo m'mabanja mwathu. Mwana wa machona wa ku Highfield, amene kumudzi ankamumvera chisoni kuti anatayika, ankafika ku Malawi pa tchuthi akusimba za zinthu zimene asuweni ake a m'tauni ya Blantyre anali asanazionepo. Koma pobwera kuno asuweniwo ndiwo ankadziwa masewero a pa wailesi mutu ndi mchira, chifukwa kumene kanema kulibe, luso lonse la olemba ndi ochita zisudzo linathera pa wailesi. Ndimakhulupirira kuti kuchedwa kwa kanema ndiko kunakulitsa sewero la pa wailesi la Chichewa kufika pomwe linafika.

Kunonso kanema wa anthu akuda anayamwa kwa wailesi. Safirio Madzikatire anayamba sewero la banja la Mukadota pa wailesi, pamodzi ndi Susan Chenjerai amene ankakhala Mai Rwizi, ndipo litasamukira pa kanema anthu anali atawadziwa kale mawu awo. M'zaka za m'ma 1980, zithunzi za mitundu zitayamba ndipo mabanja a m'malokeshoni atayamba kugula makanema, nyumba imodzi pa mzere inkadzaza ana a mzere wonse, ena pansi, ena pa zenera, monga mmene zinkakhalira ndi sefuliya zaka 30 m'mbuyomo. Pa pulogalamu ya nyimbo ya Mvengemvenge ndi pamene ambiri anaona koyamba nkhope za oimba a Chichewa aja. Koma sewero la Chichewa lokhazikika pa kanema wa ZBC wa ku Pockets Hill sitinakhale nalo. Munthu wa kwathu akaoneka m'sewero, kawirikawiri ankakhala wantchito wa m'munda wolankhula Chishona chopotoka kuti anthu aseke, ndipo ana athu ankapita nazo kusukulu m'mawa mwake.

Zimene zatsala

Chovuta pa zikumbutso za wailesi n'choti chinthu chokumbukiridwacho nthawi zambiri kulibe. Nyuzipepala ya 1955 mukhoza kuigwira m'manja ku National Archives pa Borrowdale Road. Pulogalamu ya wailesi ya chaka chomwecho inkaulutsidwa pompopompo, muulutsi akulankhula anthu akumva, ikatha yatha. Matepi atabwera anali odula, ogulidwa kunja ndi ndalama zakunja, motero tepi imodzi inkafufutidwa ndi kujambulidwanso kambirimbiri. Ngakhale BBC yeniyeniyo inafufuta mapulogalamu ake ambiri a m'ma 1960 ndi 1970, ndipo lero imachita kupempha anthu amene anajambula kunyumba. Kuno kunali zilango za zachuma pa nthawi ya Smith, kenaka kusowa kwa ndalama zakunja, ndiye tepi yakale inkaoneka ngati katundu wogwiritsanso ntchito. Zimene zinkasungidwa mosamala ndi zolankhula za atsogoleri. Makalata a moni, nthano ndi masewero a zinenero za anthu wamba ndizo zinkayamba kufufutidwa. Matepi opulumuka nawo ali ndi adani awo: kutentha, chinyezi, nkhungu, ndi kutha kwa makina owaseweretsa pamodzi ndi amisiri odziwa kuwakonza.

Sikuti zonse zinapita. Nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula ku Nyasaland ndi m'maiko oyandikana nawo zili ku International Library of African Music, imene anaikhazikitsa mu 1954 ndipo tsopano ili pa Rhodes University ku Makhanda. Zina mwa nyimbo za Alick Nkhata zinatulutsidwanso pa zimbale. Nthano za Julius Chongo zinalembedwa m'mabuku ndi kufufuzidwa ndi akatswiri a chinenero. Ku Blantyre, MBC inayamba ntchito yosamutsira matepi ake akale a nyimbo pa kompyuta ndi thandizo lochokera ku Norway. UNESCO inapatulanso 27 Okutobala kukhala tsiku lokumbutsa maiko za kusunga mawu ndi zithunzi zakale. Koma onani kumene zinthuzi zili: Makhanda, Lusaka, Blantyre. Mbali ya womvera wa ku Salisbury, amene ankalemba kalata ija ndi kusunga batire lija, ili m'mitu ya anthu basi.

Mu 2024 MBC inakwanitsa zaka 60, ndipo chaka chomwecho wailesi ya sefuliya inakwanitsa zaka 75. Mu 2041 siteshoni ya ku Lusaka idzakwanitsa zaka 100, ndipo chimenecho ndicho chikumbutso chimene ine ndimachiona kuti ndi chathu, pamodzi ndi anzathu a ku Chipata ndi a ku Lilongwe. Koma mnyamata amene anali ndi zaka 20 pamene ankamvera Zimene Mwatifunsa mu 1955 anabadwa mu 1935. Amene atsala ndi owerengeka, ndipo 2041 sadzaiona.

Ntchitoyi sifuna thandizo la kunja. Foni iliyonse lero imajambula mawu. Mipingo ya CCAP ya sinodi ya Harare, mizikiti ya ku Mbare ndi kwina, mabungwe athu a maliro ndi magulu a gule amadziwa nkhalamba iliyonse ndi nyumba imene imakhala. Mdzukulu akhale pansi ndi agogo ake, awafunse mwaulemu: Agogo, wailesi yoyamba munaiona kwa yani? Inali ya mtundu wanji, Supersonic ya ku Bulawayo kapena sefuliya? Munalembapo kalata ku Lusaka kapena ku Blantyre, ndipo inawerengedwa? Uthenga wa maliro a ndani munaumvera pa wailesi? Kanema munayamba kumuonera m'nyumba ya yani, mutakhala kapena mutaima? Ajambule m'Chichewa momwe agogowo akulankhulira, ndi Chishona chosakanikiramo chomwe, alembe dzina la malo ndi chaka, asunge m'malo awiri. Aulutsi a Chichewa a pa National FM atapatula mphindi khumi pa sabata zoulutsa zojambulidwa zoterezi, mabanja ambiri angayambe kutumiza zawo, ndipo a ku National Archives ali ndi gawo losunga mawu ndi mbiri yapakamwa kumene makope ake angakasungidwe.